Kadimba ka pansi pa mango kasamakudyereni tsiku lonse

Kuno ku Salima mthunzi ndi chuma, aliyense amene anakhalako kuno mwezi wa Okutobala akudziwa zimene ndikunena, dzuwa likafika pamutu mchenga umawotcha kumapazi ndipo nkhuku zimangobisala pansi pa nkhokwe kukamwa kuli yasaa. Ndiye pafupifupi khomo lililonse lili ndi mtengo, ambiri mango, ena nimu, ena keshya, ndipo ambirife timafuna kuti pansi pa mitengoyi pazioneka pobiriwira, timaluwa pang'ono, tindiwo tamasamba pang'ono. Chimene chimatifooketsa ndi ntchito yake. Kusesa m'mawa uliwonse, kuthirira kawiri pa tsiku, wabzala lero sabata yamawa zafota, wabzalanso, mpaka munthu umangoti basi pakhale fumbi momwemo.

Ine pakhomo panga, chakufupi ndi Kamuzu Road, pali mango atatu akuluakulu amene ndinawapeza nditagula malowo, ndi nimu mmodzi kumpanda. Chaka choyamba ndinabzala kapinga pansi pa mango onse atatu komanso mabedi awiri a tomato. Ndinkadzuka 4 koloko kutunga madzi ndisanapite kuntchito, madzulo chimodzimodzi. Kapinga uja anangomera mwa apo ndi apo ngati mutu wa chipere, tomato anatalika kufunafuna dzuwa, timitengo towonda, maluwa nkumangoyoyoka. Zinandiwawa kwambiri chifukwa mphamvu zinapita zambiri. Pano padutsa zaka zingapo, pansi pa mango omwewo pali pobiriwira chaka chonse ndipo ntchito yake pa sabata siyifika maola awiri. Ndikufuna ndikufotokozereni mmene ndinachitira, mwatsatanetsatane, kuti inu musavutike ngati mmene ndinavutikira ine.

Poyamba penipeni musagwire khasu. Tengani tsiku limodzi lomwe muli pakhomo, kaya Loweruka, muuyang'anitsitse mthunzi wanuwo. 7 koloko m'mawa tengani phulusa mulembe pansi pomwe mthunzi wathera, 10 koloko mulembenso, 12 koloko, 3 koloko, mpaka 5 koloko madzulo. Pofika madzulo mupeza kuti pansi pa mtengo umodzi pali malo atatu osiyana. Pafupi ndi thunthu pamakhala mdima tsiku lonse. Chapakati pamakhala mthunzi wamawangamawanga, dzuwa limalowa m'mipata ya masamba. Ndiye kumapeto kwa nthambi kuli malo amene amalandira dzuwa maola atatu kapena anayi, mbali ya kum'mawa limawomba la m'mawa lofewa lija, mbali ya kumadzulo limawomba la masana lowotcha. Mbali ya kum'mawayo ndiye golide wanu, muisunge bwino.

Dziwaninso kuti mthunzi umasuntha ndi nyengo. Ife tili kum'mwera kwa equator, ndiye mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo mthunzi umagwera kum'mwera kwa mtengo, umatalikanso. Chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale masana dzuwa limakhala pamutu penipeni, mthunzi umangokhala pansi pa mtengo basi. Ndiye malo amene mu Disembala amaoneka owala mwina mu Juni mukhala mdima. Ngati mungathe kulemba ndi phulusa kawiri, nthawi yozizira ndi nthawi yotentha, zimathandiza kwambiri, koma ngakhale kamodzi bola kusiyana nkungobzala mwachimbulimbuli.

Ndipo mtengo wake ndi wanji? Izi nzofunika. Mango sayoyola masamba onse nthawi imodzi, mthunzi wake ndi wokhuthala chaka chonse ndipo mizu yake yaing'onoing'ono imakhala pamwamba pomwepa kulimbirana madzi ndi chilichonse chomwe mwabzala. Nimu mthunzi wake ndi wopepukako koma mizu yake nayo ndi yadyera, komanso njere zake zimamera paliponse. Amene muli ndi msangu pakhomo kapena kumunda, ndipo kuno kunyanja misangu ilipo yambiri, muli ndi mwayi waukulu chifukwa mtengo umenewu umachita zosiyana ndi inzake: umayoyola masamba mvula ikamayamba, nthawi ya dzinja umakhala mbee dzuwa nkumalowa, ndiye chilimwe mitengo ina ikakhala yopanda masamba iwo ndi pomwe umaphuka nkupereka mthunzi. Masamba akewo amawonjezera chonde m'nthaka, nchifukwa chake makolo athu sankaudula m'minda ya chimanga. Koma ngati mthunzi wanu ndi wa bulugamu kapena malaina, kunena zoona musadzivute kubzala pansi, nthaka yake imakhala youma gwaa, bola muike mbewu m'matumba kapena m'mabeseni basi.

Mukaudziwa mthunzi, chotsatira ndi kuvomera kuti si paliponse pobzala. Apa ndi pomwe ntchito yambiri imachepera. Kuchokera pa thunthu la mango kufika mita imodzi ndi theka kapena awiri, pasiyeni. Pafupifupi palibe chimene chidzakusangalatseni pamenepo, mudzangotaya madzi. Ikanipo benchi, yalanipo mkeka masana, ana azisewera, agogo azipuma. Ine ndinayalapo njerwa zosweka ndi mchenga pang'ono pa mango wapakati, ndi pomwe timadyera nsima masana Lamulungu. Dimba lenileni liyambire chapakati kupita kunja. Ndipo yambani ndi kachigawo kakang'ono, kaya mamita awiri mulitali imodzi mulifupi, kakakhazikika muwonjezere chaka chinacho. Kadimba kakang'ono kodzaza bwino kamafuna ntchito yochepa kuposa chidimba chachikulu chokhala ndi mipata.

Tsopano nkhani imene ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa ndi imene inasintha zonse kwa ine. Lekani kusesa pansi pa mtengo.

Ndikudziwa, ife tinaleredwa kuti khomo la munthu waukhondo limasesedwa mbandakucha mpaka mizere ya tsache izioneka, ndipo masamba amaunjikidwa nkuwotchedwa. Ine nditasiya kusesa, mayi ena achikulire oyandikana nafe anabwera m'mawa wina nkundifunsa mwaulemu kuti, "Kodi kunyumba kuno kuli matenda? Ngati tsache latha nenani ndikubwerekeni." Sindinawaimbe mlandu, ndi mmene tonse timaonera. Koma taganizani zimene tsache limachita. Tsiku lililonse mukuchotsa masamba amene mtengo wagwetsa kuti adzawole abwerere m'nthaka, mukukokolola kadothi kapamwamba pang'onopang'ono mpaka mizu kuonekera, nthaka imauma ngati simenti, mukathira madzi amangoyenderera osalowa. Ndiye mukusesa kuti muzithirira kwambiri, nkumagulanso feteleza. Ntchito ikubala ntchito inzake.

Chimene ndinachita ndi ichi. Ndinatenga njerwa zosweka zotsala pomanga, ena mutha kugwiritsa ntchito miyala kapena zipika za mitengo, nkuzindandalika mozungulira malo onse a dimba, kutalika kwake njerwa imodzi yoimika cham'mbali. Kunja kwa njerwa timasesa ngati kale, njira yopita kukhitchini ndi kubafa imakhala yoyera bwinobwino. Koma zinyalala zamasamba m'malo mopita nazo kudzala timangozikankhira mkati mwa njerwa. Malire a njerwa aja ndi amene amauza munthu wodutsa kuti izi zachitika dala, si ulesi. Mayi aja pano amabwera kudzapempha jinja.

Masambawo akhale okhuthala masentimita 5 mpaka 10, kapena tinene kuti chala chanu chamkombaphala chizimira chonse musanakhudze dothi. Asagundane ndi thunthu la mtengo kapena tsinde la mbewu, siyani kampata ngati chikhatho, apo ayi chinyezi chimawoletsa khungwa. Masamba a mango ndi olimba, amachedwa kuwola, akakhala okha amatha kugwirana ngati mphasa madzi nkumalephera kulowa. Ndiye muwasakanize ndi zina. Kuno tili ndi mwayi wa mpunga, ku Lifuwu ndi madambo ena amalima wambiri, ndipo kuzigayo zopunthira mpunga mankhusu amangounjikana, kawirikawiri ukapempha amakupatsa kapena kukugulitsa motchipa. Makoko a mtedza nawonso ndi abwino kwambiri, mapesi a chimanga oduladula, udzu wofolera wakale womwe mwafwamula padenga. Pansi pa zonsezi muyambe mwawaza manyowa a mbuzi kapena a nkhuku owola bwino, ndi amene amafulumizitsa kuwola. Nthawi ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mphepo imauluza masamba ouma kubwerera nawo pabwalo, ndiye muwanyowetse kamodzi kuti akhazikike kenako mugoneke timitengo kapena mapesi athunthu pamwamba.

Pali mafunso awiri amene aliyense amandifunsa: chiswe ndi njoka. Chiswe chibwera ndithu, musadabwe. Koma chimene ndaona ine nchakuti chikapeza zouma zambiri chimatanganidwa ndi zoumazo, chimazisandutsa dothi, ndipo timauna take timathandiza madzi kulowa pansi. Chimavuta kwambiri pomwe pansi pali mbee chakudya chokhacho ndi mbewu yanu yofooka ndi ludzu. Chachikulu, zophimbirazi zikhale kutali ndi khoma la nyumba, mita imodzi kapena kuposa, zisayandikire zitseko ndi mafelemu a matabwa. Za njoka, musaunjike milu italiitali, masentimita 10 akwana, ndipo musasiye milu ya njerwa kapena nkhuni mkati mwa dimba. Mukafuna kugwira ndi manja yambani mwatakasa ndi ndodo, ndipo ana muwaphunzitse zomwezo. Zinkhanira nazo zimakonda pansi pa njerwa, ndiye ponyamula njerwa muzisamala.

Chinthu chimodzi chokha chimene simuyenera kusiya pansi ndi mango akugwa. Kuyambira Novembala mpaka Januwale amagwa ambiri, ndipo owola aja ndi momwe mphutsi za ntchentche zoboola mango zimakulira, zikatuluka zimalowa m'dothi nkudzatuluka ntchentche zina. Tolani masiku awiri aliwonse, abwino idyani, owola apatseni ziweto kapena akwirireni dzenje lakuya theka la mita. Ntchito imeneyi ana amaikonda, ndi ya mphindi zochepa.

Tibwere pokonza nthaka. Musagaule ngati mukulima mizere ya chimanga. Mukadula mizu ya mango ndi khasu imaphukanso yambiri kuposa kale ndipo imathamangira pomwe pali manyowa ndi madzi. Ine ndimangofufuza ndi kakhasu kakang'ono mipata ya pakati pa mizu ikuluikulu, nkukumba kadzenje kokwana ndowa yaing'ono, kuthiramo manyowa osakaniza ndi dothi, kubzala, kuphimbira, basi. Ngati mukufuna kuwonjezera dothi pamwamba lisapitirire masentimita 10, mukakwirira mizu ya mtengo kwambiri imasowa mpweya mtengo nkuyamba kudwala. Amene muli kufupi ndi nyanja monga ku Senga Bay dothi lanu ndi mchenga, madzi sakhalitsa, ndiye manyowa muwonjezere kwambiri. Amene muli pa makande vuto lanu ndi lina, nthawi ya mvula madzi amadikha, chilimwe nthaka imang'ambika, ndiye kwezani bedi pang'ono ndipo mankhusu a mpunga owola muwasakanize m'dothimo kuti lifewe.

Pomwe mizu yachuluka zedi gwiritsani ntchito matumba a feteleza akale, ndowa zobooka, mabeseni osweka, zigubu zodula pakati. Koma tamverani izi, ndinaziona ndi maso anga: ndinaika beseni la minti pansi penipeni, patatha miyezi ingapo minti akungofota ngakhale ndikuthirira, pofuna kulinyamula beseni likukana, kuyang'ana pansi mizu ya mango yalowa pa mabowo aja yadzaza beseni lonse ngati chisa. Ndiye chilichonse chomwe mwabzalamo chikhazikeni pa njerwa ziwiri kuti pansi pazipita mphepo.

Nanga tibzale chiyani? Lamulo langa ndi limodzi: chimene chimafuna kubzalidwa mwezi ndi mwezi chichepe, chimene ukabzala kamodzi chimadzisamala chokha chichuluke. Tomato, anyezi, therere, chimanga, mabilinganya, zonsezi zimafuna dzuwa maola 6 kapena kuposa, zipititseni kwina. Kapinga muiwaleni pa mthunzi wa mango. Ngakhale vetiva amene alangizi amatilimbikitsa pa nkhani yoteteza nthaka, pamthunzi sachita bwino.

Pa mthunzi wamawangamawanga uja mfumu yake ndi jinja ndi tameriki. Mumangogula kumsika, kusankha zidutswa zokhala ndi maso, kuzikwirira mozama ngati masentimita 5 mvula ikakhazikika, motalikana ngati phazi limodzi, nkuphimbira. Zimatenga miyezi 8 mpaka 10, masamba akachita chikasu nkuuma ndiye kuti zakhwima. Ubwino wake nthawi yozizira ndi chilimwe zimagona, sizifuna madzi ambiri, nthawi yomwe madzi amavuta izo zili phee pansi. Koko nayenso amakonda mthunzi koma iye amafuna chinyezi, muikeni komwe kumathera madzi a kubafa kapena pafupi ndi mpopi, masamba ake akuluakulu aja amakongoletsa pakhomo kuposa maluwa ambiri ogula, ndipo mumadya ndi masamba omwe bola kuwaphika mokwanira kuti asayabwe kukhosi. Mbatata ibzaleni chifukwa cha kholowa osati chifukwa cha mbatata yapansi, pamthunzi siyibereka kwenikweni koma imayanga nkuphimba nthaka yonse, udzu umasowa pomera, inu nkumangothyola ndiwo. Tsabola wa kambuzi amachita bwino pa dzuwa la theka la tsiku ndipo mtengo umodzi umatha zaka ziwiri kapena zitatu ukubereka. Zinanazi zimapirira mthunzi wopepuka ndi ludzu lomwe, mumangobzala kamutu kaja mukadya, kungoti zimachedwa, chaka ndi theka mpaka ziwiri, koma sizikupemphani kanthu pa nthawi yonseyo.

Kumapeto kwa nthambi, mbali ya kum'mawa ija, ndi komwe muike bedi limodzi la mpiru, repu kapena chainizi. Miyezi ya Seputembala mpaka Novembala masamba amenewa pa dzuwa la kuno amapsa ndi kuthamangira kuchita maluwa, koma akamalandira dzuwa la m'mawa lokha masana nkukhala pamthunzi amakhalitsa ndipo amakhala ofewa. Bedi limodzi lokha, osati asanu. Bonongwe, luni ndi chisoso zikamera zokha m'mphepetemo musazule, ndi ndiwo zaulere zimenezo, siyani zingapo zichite njere kuti chaka chamawa zidzamerenso zokha.

Amene mumakonda zokongoletsa, sankhani za masamba osati za maluwa, chifukwa maluwa ambiri owala amafuna dzuwa. Kuli chomera chija cha masamba oimirira ngati malupanga, chamizeremizere, ena amati snake plant, chimenecho ngakhale mutachiiwala mwezi wathunthu sichifa, ndipo ndi chokhacho chomwe ndinaona chikupirira kufupi ndi thunthu. Aloe vera nayenso safuna zambiri, amangofuna kowala pang'ono. Zambiri mwa izi simufunika kugula, pemphani mphukira kwa anzanu a kutchalitchi kapena kumzikiti, zimene zikuchita bwino pakhomo la mnzanu wa dera lomwelo zidzachitanso bwino kwanu, kusiyana ndi zogula ku Lilongwe komwe nyengo ndi yozizirako.

Pobzala, bzalani mothinana kuti zikakula masamba azigundana, dothi lisaoneke. Ndipo zokonda madzi zikhale pamodzi, zopirira ludzu pamodzi. Mukasakaniza koko ndi aloe vera malo amodzi ndiye kuti mmodzi azivutika nthawi zonse, ndipo inu muzingozungulira ndi keni dimba lonse. Nthawi yabwino yobzala ndi mvula ikakhazikika, chakumapeto kwa Disembala mpaka Januwale, nthawi yomweyo dziko lonse limakhala lili mu nyengo yobzala mitengo imene imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo. Mukabzala nthawi imeneyi mvula imakugwirirani ntchito yothirira miyezi itatu yoyamba yomwe mbewu imakhala yosalimba.

Koma chenjerani, mango ali ngati ambulera. Mvula yowaza siyifika pansi pake, kunja kutha kukhala matope koma pansi pa mtengo fumbi lili kobo. Ndiye ngakhale dzinja muzipisa chala. Ndipotu kupisa chala ndiye njira yonse yodziwira nthawi yothirira: kankhani zophimbira, lowetsani chala mpaka pa mfundo yachiwiri, ngati mukumva chinyezi musathirire, bwererani m'nyumba. Ambiri timathirira chifukwa choti nthawi yakwana osati chifukwa choti nthaka yauma, ndipo pamthunzi madzi akachuluka mizu imawola, makamaka jinja.

Mukathirira, thirani ambiri nthawi imodzi kuti alowe pansi, kusiyana nkuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse. Kuwaza pamwamba kumaitana mizu ya mango kuti ikwere, ndipo mbewu zanu nazo mizu yake siyizama. Kwa ine, pomwe ndaphimbira bwino, kawiri pa sabata zimakwana ngakhale mu Okutobala, miyezi yozizira kamodzi. Bedi la mpiru lokha ndi lomwe limafuna pafupipafupi. Thirirani m'mawa, chifukwa pamthunzi masamba akagona onyowa usiku amagwidwa chuku msanga.

Njira imene ndimaikonda kwambiri ndi ya mtsuko. Gulani mtsuko wadothi wamba, wosapaka utoto kapena simenti, womwe umachita thukuta ukathiramo madzi. Ukwirireni pansi mpaka m'khosi, dzazani madzi, vundikirani ndi mbale yakale, ndiye bzalani mozungulira. Madzi amatuluka pang'onopang'ono kudzera m'dothi la mtsukowo, nthaka ikauma amatuluka ambiri, ikanyowa amachepa okha. Ine ndimadzaza kawiri pa sabata. Kamodzi pa chaka ufukuleni muchotse mizu yomwe yaukuta. Ngati mtsuko palibe, botolo la malita awiri kapena kachigubu ka malita asanu, boolani timabowo tiwiri titatu ndi singano yotentha chakumunsi, kwirirani chimodzimodzi. Chivundikiro chisaiwalike chonde, kuno malungo ndi nkhani yaikulu ndipo nyengo yotentha udzudzu umatha kuswana m'madzi odikha pa sabata imodzi yokha kapena kupitirira pang'ono. Chimodzimodzi mabeseni ndi zigubu zonse zomwe mwabzalamo, zikhale zobooka pansi.

Madzi otsukira mpunga, ndiwo ndi osambira musataye, kumbani kangalande kochokera kubafa kupita komwe kuli koko ndi nthochi, kazikathera m'dzenje lodzaza masamba kuti madzi asaoneke pamwamba. Okhala ndi jiki kapena sopo wambiri wochapira asapite ku mbewu, ndipo madzi akubafa musathirire masamba odya osaphika. Madzi a padenga nawo, m'malo moti azikumba pabwalo, atsogolereni ndi kangalande kosaya kupita pansi pa mitengo. Mijigo ina kuno madzi ake amamveka kamchere, mukathirira nthawi yaitali pamwamba pa dothi pamachita zoyera, zikatero kuphimbira kumathandiza chifukwa madzi sauma msanga pamwamba, ndipo mvula ikabwera ilekeni itsuke bwinobwino.

Kudulira mtengo ndi kamodzi pa chaka, mukangomaliza kudya mango, cha mu Januwale kapena Febuluwale. Musadulire nthawi ya maluwa, miyezi yozizira ija, mutaya zipatso. Chotsani nthambi zam'munsi zomwe zimakugundani kumutu, zouma, ndi imodzi kapena ziwiri zapakati kuti kuwala kulowe. Osagwetsa theka la mtengo tsiku limodzi ayi, mbewu zozolowera mthunzi zimapsa. Gwiritsani sowo osati kukhapa ndi chikwanje, bala losalala limapola msanga. Utomoni wa mango umawotcha khungu kwa ena ndiye valani malaya a manja aatali, ndipo ngati nthambi zayandikira mawaya a magetsi musakwere nokha, kauzeni a ESCOM. Tinthambi ndi masamba zibwerere pansi pomwepo, zikuluzikulu ndi nkhuni.

Nkhuku ndi mbuzi, apa ndiye pamafunika kulimba mtima kamodzi. Nkhuku zimakonda kupalasa pa zophimbira chifukwa pansi pake pali chiswe ndi nyongolotsi, tsiku limodzi zitha kumwaza zonse. Mangani kampanda ka bango kapena nsungwi kofika m'chiuno kuzungulira mbali yomwe muli mbewu zanthete, mukamanga bwino kamatha zaka ziwiri. Mbewu zikakula nkuthinana nkhuku sizivutanso kwenikweni. Pa jinja wongobzala kumene ndimagoneka nthambi zaminga za msangu pamwamba, nkhuku imayesa kamodzi nkusiya. Ena amatchinga ndi maneti a udzudzu, ngati ndi lakale long'ambika lomwe mwasiya kugonamo chabwino, koma neti yatsopano yomwe mwalandira kuchipatala ndi ya ana anu, isapite kudimba. Mbuzi za m'mudzi zikamasulidwa anthu akakolola, mpanda wokha ndi umene ungakupulumutseni, palibe njira ina.

Tizilombo pamthunzi si tambiri. Nkhono zimabwera dzinja, tolani madzulo kapena m'mawa kwambiri mupatse abakha, kapena wazani kaphulusa pang'ono mozungulira bedi, pang'ono pokha chifukwa phulusa likachuluka limasokoneza nthaka. Nsabwe za pa mpiru, sinjani masamba a nimu odzaza manja awiri, viikani mu ndowa yaing'ono usiku wonse, sefani, onjezani kasopo pang'ono nkuwaza madzulo, kenako dikirani masiku angapo musanathyole ndipo mutsuke bwino. Tsamba lomwe lagwidwa kwambiri ingolithyolani mulitaye kutali. Ine sindipopera mankhwala ogula pansi pa mango chifukwa ndi pomwe ana amasewera.

Mmene sabata yanga imayendera pano ndi chonchi. Lachitatu m'mawa ndisanapite kuntchito ndimadzaza mitsuko inayi ndi kuthirira bedi la mpiru, mphindi 20. Masiku enawo mwana amathira keni imodzi pa mpiru pomwepo akaona kuti pauma. Loweruka ndimadzazanso mitsuko, kupisa chala malo angapo, kuzula timitengo ta nimu ndi ta mango tomwe tamera tisanazike mizu, tikadali tating'ono timazuka ndi zala ziwiri koma mukatisiya miyezi itatu mufunika khasu, kenako kukankhira masamba a pabwalo mkati mwa njerwa. Kawiri pa chaka, mvula isanayambe mu Novembala ndi ikangotha mu Epulo, ndimabweretsa matumba atatu a mankhusu ndi wilibala ziwiri za manyowa a mbuzi nkuwaza pamwamba, osakumba.

Jinja ndi tameriki ndimakumba cha mu Ogasiti kapena Seputembala masamba akauma, koma sindikumba zonse. Pa phando lililonse ndimafukula mbali imodzi ndi manja, kuthyola zomwe ndikufuna, chidutswa chimodzi chokhala ndi maso nkuchisiya momwemo, kubwezera dothi ndi masamba pamwamba, nkuzikapo kamtengo kuti wina asapondepo. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, pakatha masabata awiri kapena atatu muona timinga tobiriwira tikuboola masamba a mango aja, ndipo ngati pena sipanamere pofika Khirisimasi fukulani muone, mwina chidutswacho chinawola, ikanipo china kuchokera pa zomwe munasunga m'nyumba.